Mafunso Anu: Kilwa imene agogo ankaitchula ili kuti?

Akonzi, kuno ku Nkhotakota akuluakulu akamakamba za a Jumbe amati anthu ogwidwa ukapolo ankawaolotsa nyanja n'kupita nawo ku Kilwa. Ana a m'kalasi mwanga andifunsa kuti Kilwa ili kuti, koma pa mapu ndapeza ma Kilwa atatu. Yeniyeni ndi iti?
Mphunzitsi, Linga

Aphunzitsi, mapu sanakunamizeni. Malo atatu onsewo ali kugombe la nyanja ya mchere ya India, kummwera kwa Tanzania m'chigawo cha Lindi, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Dar es Salaam. Kilwa Masoko ndi tauni ya masiku ano, ya misika ndi mabasi. Kilwa Kisiwani, kutanthauza Kilwa ya pachilumba, ndiwo mzinda wakalekale, ndipo imaoneka tsidya lina mukaima padoko la Masoko. Kilwa Kivinje ili kumpoto kwa Masoko, mphepete mwa nyanja koma osati pachilumba, ndipo imeneyi ndiyo ya nthawi ya a Jumbe.

Pamene Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, ankakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, chilumba chija chinali chitafooka kale. Malonda anali atasamukira ku Kivinje. Akapolo ankakwezedwa m'zombo za matanga, kuoloka nyanja yathuyi kupita kugombe la kummawa, kenako kuyenda wapansi miyezi itatu kapena kuposa, ena atasenza minyanga ya njovu. Opulumuka panjira ambiri ankawatumiza ku msika wa ku Zanzibar. Komabe musawauze ana kuti chilumbacho chilibe mlandu. Mu 1776 mfumu yake inapangana ndi wamalonda wa ku France, Jean-Vincent Morice, kuti izimugulitsa akapolo 1,000 pachaka.

Ine ndine msodzi. Chilumba chaching'ono chotero, chopanda migodi, chinalemera bwanji mpaka kumveka maiko akutali?
Bambo wa ku Chia

Bambo, yankho lili m'chinthu chimene inu mumachidziwa bwino kuposa ife: mphepo. Monga kuno mumawerengera mwera ndi mpoto, kunyanja ya mchere kuli kaskazi ndi kusi. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto chakummawa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, n'kukankhira zombo za ku Arabia ndi ku India kugombe la Africa. Kusi imayamba cha mu Epulo n'kuzibweza kwawo. Kilwa inali cha kumapeto kwa malo amene chombo chikanafika, kutsitsa katundu, n'kubwerera pa mphepo ya chaka chomwecho. Wopitirira kummwera ankachedwa, ndipo kuchedwa kunali kukhala chaka chathunthu kudikira mphepo ina.

Tsono golide ankachokera kummwerako, kumapiri a Zimbabwe, n'kutulukira padoko la Sofala m'dziko limene lero ndi Mozambique. Anthu a ku Kilwa anagwira njira imeneyi. Ankatenga golide ndi minyanga ku Sofala pa zombo zawo, n'kusinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mbale zadothi zochokera mpaka ku China. Pachilumbapa anthu anayamba kukhalapo cha m'ma 800, koma chuma chinafika pachimake m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Ankasula ndalama zawozawo zamkuwa, ndipo imodzi yokhala ndi dzina la mfumu al-Hasan bin Sulaiman inapezeka m'mabwinja a mzinda wakale wa Great Zimbabwe. Mfumu yomweyi ndi imene Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anaipeza atafika mu 1331, ndipo anautama mzindawu kuti ndi umodzi mwa yokongola ndi yomangidwa bwino.

Anadzasokoneza ndi Apwitikizi. Vasco da Gama anakakamiza mfumu kupereka msonkho mu 1502, Francisco de Almeida analanda mzinda mu 1505, ndipo mu 1512 anachokamo golide atamutembenuzira kwawo. Mabuku awo amatinso cha m'ma 1587 mzindawu unaphwasulidwa ndi gulu la nkhondo lotchedwa Azimba, limene olemba mbiri ena amalilumikiza ndi ufumu wa Lundu wa kuchigwa cha Shire. Nkhani imeneyi akatswiri amatsutsana nayobe, choncho muitenge mosamala.

Kodi kwatsala chooneka, kapena ndi milu ya miyala chabe? Ndine mmisiri womanga nyumba, ndiye ndikufunanso kudziwa kuti ankamangira chiyani simenti kulibe.
Mmisiri, Mpondagaga

Amisiri, chilipo chambiri. Choyamba kuoneka muli m'boti ndi Gereza, linga lalitali la m'mphepete mwa madzi. Anayamba kulimanga ndi Apwitikizi mu 1505, koma makoma ambiri amene mukaone ndi a Aluya a ku Oman, amene analimanganso cha m'ma 1800. Anthu ambiri amathera nthawi pamenepo kujambula, komatu chokoma chili mkati mwa chilumba.

Mzikiti waukulu ndiwo wofunika kuimapo nthawi yaitali. Mbali yake yakumpoto ndi ya m'zaka za m'ma 1100, ndipo anaukulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Mkati muli mizere ya nsanamira zamwala, pamwamba pake timadenga tozungulira ngati miphika yovundikira, popanda phaso ngakhale limodzi. Kummawa, ulendo wa makilomita awiri wapansi, kuli Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya al-Hasan bin Sulaiman, yomangidwa pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja. Inali ndi zipinda zoposa 100, mabwalo, nkhokwe za katundu wamalonda ndi dziwe losambiramo la ngodya 8 limene likuonekabe. Kumadzulo kuli Makutani, nyumba ina yachifumu ya m'zaka za m'ma 1700.

Zomangira zambiri zinkachokera m'nyanja ndi m'mphepete mwake. Makoma ndi a zibuma za mwala wopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja ya mchere, umene Aswahili amautcha matumbawe. Mwala womwewo ankauotcha pa mulu wa nkhuni kuti usanduke laimu, n'kumuthira madzi, kumusiya kuti akhwime, kenako kusakaniza ndi mchenga. Wokongoletsera zitseko ndi malo otsogolera mapemphero ankaudula m'madzi ukadali wofewa, n'kuusema usanaume. Madenga afulati ankagona pa milimo ya mitengo ya mikoko, yomera m'matope a mchere. Mitengoyi siitalika, n'chifukwa chake zipinda zambiri n'zopapatiza, mamita osapitirira atatu, ngakhale m'nyumba za olemera. Milimoyo ikafumbwa denga limagwa, mvula n'kulowa pamutu pa khoma, mizu ya mitengo n'kuling'amba. Pokonza safuna simenti: imatsekera chinyontho ndi mchere mkati, mwala n'kumanyenyeka kuseri kwa pulasitala. Bungwe la UNESCO linalemba Kilwa Kisiwani pamodzi ndi Songo Mnara, chilumba china cha mabwinja chakummwera, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1981. Mu 2004 anawaika pa gulu la malo amene ali pangozi chifukwa cha kukokoloka kwa gombe ndi kugwa kwa makoma, ndipo anawachotsapo mu 2014 atakonza.

Ndingakafikeko bwanji kuchokera kuno?
Mayi wa bizinesi, pa Boma

Mayi, njira yake ndi imene amayenda oitanitsa katundu ku Dar. Tengani M5 kupita kumpoto, mudutse Mzuzu ndi Karonga mpaka pachipata cha Songwe. Mmalawi wokhala ndi pasipoti safunika viza pa ulendo waufupi ku Tanzania. Ku Dar es Salaam mabasi a kummwera amanyamukira ku Mbagala, ndipo ulendo wa ku Masoko umatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Basi ikakhala ya ku Lindi kapena Mtwara, tsikirani pa Nangurukuru n'kukwera ina yolowa ku Masoko.

Musathamangire padoko. Yambani mwalipira chilolezo ku ofesi yoyang'anira mabwinjawa ku Masoko ndi kupeza wokuperekezani, kenako boti, lomwe limaoloka pasanathe theka la ola. Chimene chimapusitsa ife a kunyanja ya Malawi n'chakuti nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Madzi akaphwa boti limaima patali, inu n'kuyenda m'matope ndi pa miyala yocheka mapazi, ndiye funsani nthawi ya madzi dzulo lake ndipo muvale nsapato zolimba, osati mapatapata. Nyamukani m'mamawa ndi madzi akumwa okwanira. Pewani Malichi mpaka Meyi, nyengo ya mvula yambiri. Pachilumbapa pali mudzi wa Asilamu, ndiye chitenje ndi mpango musazisiye, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Songo Mnara imafuna tsiku lakelake. Ku Kivinje, kumene kuli nyumba zakale za amalonda ndi nyumba ya boma ya Ajeremani, mungapite madzulo pa galimoto kuchokera ku Masoko.