Yankho kwa achemwali a ku Zomba amene akupita ku Granada

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Zomba. Apeza sikolashipu yokachita masitazi ku Granada, ku Spain, ndipo anyamuka mu Seputembala. Funso lawo linali lalifupi: "Chisipanishi ndayamba kuphunzira pa foni, za viza zikuyenda bwino. Koma mundiuze zoona, n'chiyani chimene chinkakusowetsani mtendere tsiku ndi tsiku mutangofika kumeneko?" Ndinayamba kuwayankha pomwepo, koma yankho linatalika, ndiye ndaliika pano.

Achemwali, ndiyambe ndi njala, chifukwa ndi imene inandilandira. Tsiku lachiwiri ndinatuluka 12 koloko kukasaka nkhomaliro, monga mwana woleredwa bwino. Ndinapeza anthu akumwa khofi, kukhitchini moto usanayatsidwe n'komwe. Kumeneko nkhomaliro ndi ya 2 koloko kapena 3 koloko, mgonero 9 koloko kapena 10 koloko usiku, nthawi imene kwathu mbale zatsukidwa kale. Nkhaniyi ili ndi gwero lake: mu 1940 boma la Franco, yemwe ankalamulira Spain nthawi imeneyo, linakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi kuti ifanane ndi ya maiko apakati pa Ulaya, ndipo sanaibwezerenso. Wotchi yawo imathamanga kusiya dzuwa m'mbuyo, moti mu Juni dzuwa limalowa itadutsa hafu pasiti 9. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi yawo imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi basi. Kuimbira amayi sikudzavuta. Masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka cha m'ma 2 koloko n'kudzatsegulanso 5 koloko, ndipo Lamulungu ambiri satsegula. Mugule zofunika Loweruka.

Koma mimba imazolowera msanga. Chimene chinanditengera pafupifupi chaka ndi ulemu.

Chisipanishi chili ndi "iwe" ndi "inu" ngati ife: tú ndi usted. Nditaziona m'buku ndinasangalala, ndati apa ndiye pakwathu. Tsiku loyamba m'kalasi ndinapita kwa aphunzitsi, bambo a imvi, ndikuwatchula usted, pepala ndikulandira ndi manja awiri, maso pansi. Anandiyang'ana n'kuseka, amvekere ndisawakalambitse, ndiziwatchula dzina lawo loyamba. Lilime linakana. Mwezi wathunthu ndinkazemba ziganizo zofuna "iwe" ngati munthu wolambalala matope. Pomwe anzanga a m'kalasi ankawadula aphunzitsiwo pakamwa, kuwatsutsa mokweza mawu, kenako onse n'kupitira limodzi kukamwa khofi. Ine mumtima ndinkati ana awa analeredwa ndi ndani.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nawonso ankandiweruza. Pa zokambirana ndinkadikira kuti wina amalize ndiyankhulepo. Kumeneko munthu samaliza, mnzake amangolowa chiganizo chili pakati, ndipo kutero ndiko kusonyeza kuti nkhani yakukhudza. Patatha masabata atatu aphunzitsi anandiitana n'kundifunsa ngati ndimawerenga zimene amatipatsa. Ndinkawerenga kuposa onse! Kunyumba nako, mtsikana wina amene tinkachita naye lendi anandifunsa mosabisa kuti anandilakwira chiyani. Ati ndimathokoza kwambiri, ndimapepesa pa chilichonse, sindimuyang'ana m'maso, ngati ndili pa hotela osati pakhomo. Zonse zimene amayi anandiphunzitsa kuti ndiwo ulemu, iye ankaziona ngati ndikumusala. Kwa iwo zikomo wochuluka ndi wa alendo. Mnzako umangomuuza kuti tapatse mchere, nkhani yatha. Mu bala mudzamva munthu akuti "ponme un café", ndiikire khofi, popanda chonde, ndipo woperekerayo sakhumudwa.

Sindikuti mukataye khalidwe lanu pa bwalo la ndege. Agogo okalamba ndi apolisi muziwatchulabe usted, sizilakwika. Koma m'kalasi muphunzire kulowerera. Ine ndinkachita kulemba chiganizo choyamba papepala n'kuchiponya pakati pa phokoso, mtima ukugunda. Palibe anadabwa.

Moni nawo ndi wina. Mkazi akakumana ndi munthu, kaya mwamuna kaya mkazi, ngakhale koyamba, amapsompsonana kawiri m'masaya. Kwenikweni ndi masaya okha amene amagundana, kuyambira tsaya lamanja. Mukasokoneza mbali mugundana mphuno, zinandichitikira. Amuna okhaokha amagwirana chanza kapena kukumbatirana. Ngati simukufuna, tambasulani dzanja msanga mukumwetulira, amamvetsa. Chimene chinkandiwawa ine ndi "¿qué tal?" Munthu amakufunsa kuti uli bwanji uku akuyenda, iwe ukamakonzeka kuyankha n'kumufunsanso za kunyumba, wakhota kale pakona. Komabe anthu omwewo akalowa mu lifiti amapereka moni kwa aliyense, potuluka n'kutsanzika "hasta luego", tionana, kwa munthu amene sadzamuonanso.

Kutukwana ndiye mukonzekere. Agogo aakazi atavala bwino, mtanda uli pakhosi, amatulutsa mawu oti kwathu mpingo ungawaitanitse. Liwu lina limene mudzalimva kambirimbiri patsiku ndi hostia, lomwe ndi dzina la mkate wa mgonero wa Ambuye. Kwa iwo latha mphamvu, lili ngati "aaa" wathu. Musaliphunzire msanga, mlendo akalitchula pamalo polakwika limalemeranso.

Za Chisipanishi cha pa foni chija, pepani. Anthu a ku Granada amameza zilembo. S wa kumapeto samveka, "más o menos" amatuluka ngati "má o meno", mzinda wawo womwe amautcha Graná. Masabata oyamba mudzaganiza kuti munaphunzira chiyankhulo china. Khutu limatseguka lokha, cha m'ma Disembala.

Musadikire kuitanidwa kunyumba kwa munthu. Kwathu chibwenzi chimayambira pakhonde ndi mbale ya nsima, kumeneko chimachitikira mumsewu. Akati tiye tikamwe kena kake, pitani, ngakhale simumwa mowa. Itanitsani mosto, madzi a mphesa osasasa, kapena Fanta. Ku Granada chakumwa chilichonse chimabwera ndi kambale ka chakudya kaulere, tapa, moti zakumwa zitatu mwadya mgonero. Ine miyezi iwiri ndinkakana, poganiza kuti mwana wa mpingo ku bala akukatani, mpaka ndinaona kuti m'mabalamo muli makanda m'ngolo zawo ndi agogo awo. Bilu amagawana, aliyense yake, ngakhale amene anakuitanani ndi iwowo. Ngati simudya nkhumba muzifunsa, chifukwa imalowa paliponse, ndi mu nyemba momwe. Cha ku Calle Elvira kuli mabutchala a halal.

Mapepala ndingodutsamo. Mukapeza nyumba mukalembetse ku khonsolo ya mzinda, amati empadronamiento. Kenako khadi ya mlendo, TIE, imene muyenera kuipempha mwezi woyamba usanathe, ndipo mukadinda zala ku polisi. Zonsezi zimafuna cita previa, kusungitsa tsiku pa intaneti, ndipo masiku amasowa. Yambani sabata yoyamba.

Kuzizira musakupeputse poti mwamva kuti Spain n'kotentha. Granada ili m'tsinde mwa mapiri a Sierra Nevada, kumene nsonga ya Mulhacén imafika mamita 3,479, kuposa Sapitwa wathu wa 3,002. Nyumba zambiri zakale anazimangira chilimwe, pansi matailosi, ndiye mu Januwale m'nyumba mumazizira ngati panja. Juni wa ku Zomba ndi masewera. Pofuna chipinda mufunse ngati muli calefacción, zotenthetsera nyumba. M'makomo ena mudzapeza tebulo lozungulira lofundika nsalu yochindikala, pansi pake pali kambaula ka magetsi, banja lonse litalowetsa miyendo. Chimenecho ndiye ndinachikonda.

Pali china chimene sindingakubisireni. Mudzayang'anidwa, makamaka ndi achikulire, ndipo sayang'ana mobera. Mukati Malawi ambiri adzamva Mali. Ena adzangoganiza kuti munabwera pa bwato kudutsa nyanja. Ine landilodi wina tinagwirizana bwinobwino pa foni, nditafika pakhomo n'kundiona, chipinda chinali "chitangotengedwa kumene". Zoterozo si kusiyana kwa chikhalidwe, ndi tsankho, ndipo musadzivute kuzifunira dzina labwino. Luso limene mudzaphunzire pang'onopang'ono ndi kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa woperekera zakudya wa nkhope yolimba nthawi zambiri amatero kwa aliyense. Eni ake a mzindawo ali nalo dzina khalidweli, malafollá, ndipo amaliseka okha. Komanso sabata ya Pasaka mukadzaona anthu atavala mikanjo ndi zisoti zosongoka zophimba nkhope, musathawe. Ndi olapa a m'mipingo ya Katolika, mwambowo ndi wakale kwambiri kuposa gulu la tsankho la ku America lija la Ku Klux Klan, limene limavalanso motero.

Nsima mudzadya. M'masitolo a anthu a ku Latin America mumapezeka ufa wa chimanga choyera wa P.A.N., umene anthu a ku Venezuela amapangira timikate tawo totchedwa arepa. Ndi wophikaphika kale, ndiye umalimba msanga, muzithira pang'onopang'ono. Si ufa woyera wa kwathu, koma ndi nkhuku ndi masamba umapita. Chimene simudzachipeza ndi mthiko. Ine ndinathyola masipuni awiri a matabwa a mtsikana uja, ndipo tsiku limene ndinathyola yachiwiri anandikalipira ndi mawu onse aja, ine n'kumubwezera mokweza osapepesa, kenako tinakhala pansi n'kudya ndi manja. Muike mthiko ndi chipande mu sutikesi, pakati pa majuzi.