Achemwali, za pakamwa za ku banki musazimvere

Achemwali, mwalemba kuti banki yakutumizirani kalata ya ngongole yomwe mukulephera kulipira, ndipo nyumba yanu ili pachiopsezo. Kalatayo musaibise pansi pa matiresi ayi. Onani tsiku lomwe munailandira. Ngati nyumbayo ili ndi title deed (chikalata cha umwini) ndipo ndiyo chikole, lamulo limati mukalephera kulipira kwa mwezi amakupatsani notisi, ndipo pakatha miyezi itatu musanakonze zinthu, ali ndi mphamvu yoigulitsa pa okushoni. Enawa akuti "banki singakuchotseni m'nyumba mwanu" sanaonepo zakuda.

Ine nyumba yanga ya ku Matawale ndinaipereka ngati chikole ku banki kuti ndikuze geni ya mpunga. Ndinkapikula mbali ya kunyanja ya Chilwa n'kumakagulitsa ku Limbe. Namondwe Freddy atabwera mu March 2023, alimi omwe ndinawapatsiratu ndalama minda yawo inakokoloka, ndiye mukanawatani? Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chaka chotsatira Reserve Bank n'kukweza chiwongola dzanja chake kufika 26 peresenti. Changa nachonso chinakwera, poti ngongole zambiri za ku banki chiwongola dzanja chake sichikhazikika, chimatsatira komweko.

Koma amene amandiwawa mpaka lero ndi kamnyamata ka ku banki koona za ngongole. Tayi pakhosi, kumwetulira ngati mkamwini watsopano. "Mayi musade nkhawa, ndalankhula kale ndi abwana, tikuonjezerani nthawi." Ulendo uliwonse mawu ake omwewo. Mpaka mpunga wanga anadya, ndinachita kumutengera ndekha ku ofesi. Chonsecho mafayilo anali atapita kale kwa maloya awo. Ndinamva kwa mayi wina wa ku Mvano kuti nambala ya puloti yanga ili mu nyuzipepala, akuitsatsa pa okushoni. Ine mwini wake osadziwa!

Loweruka lake m'mawa ndikuchapa panja, ana akumwa phala pakhonde, galimoto yoyera inaima pageti. Anatsika azibambo, wina atanyamula tepi yoyezera. Odi sanapange. Wina analowa mpaka kuchipinda kwanga, bedi losayala, zovala zamkati zili pachingwe, n'kumagogoda khoma kuti amve ngati ndi njerwa zowotcha. Mnzake anandifunsa ine, ine amene ndinasenza mchenga wa nyumbayo pamutu, kuti "denga ili silidontha?" Mwana wanga wamng'ono anasiya phala n'kundigwira chitenje, akufunsa kuti amayi anthuwa akufuna chiyani. Aneba ali m'mipanda kusuzumira. Thovu la sopo linaumira m'manja, pakamwa pangokhala gwa. Nditamuimbira mnyamata uja foni sanayankhe, kenako ndinamva kuti anamusamutsira nthambi ina. Mulungu amuone.

Chinandipulumutsa ndi chiletso cha khoti. Loya anathamangira ku High Court konkuno ku Zomba, okushoni inaima. Achimwene a ku Joni anatumiza kangachepe, ine ndi ana tinasamukira ku boys quarter, nyumba yaikulu n'kuikamo alendi, lendi yonse kumapita ku banki osadutsa m'manja mwanga. Ndikulipirabe.

Komabe inu za chiletso musathamangire. Sichifafaniza ngongole, chimangogula nthawi, chiwongola dzanja chikuyendabe usiku ndi usana, loya nayenso akufuna zake. Mlandu ukakuvutani, ndalama za maloya a banki azikuunjikiraninso pamutu. Ngati mulibe kolowera, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama za loya, ofesi yawo ilipo mu Zomba muno, akakuuzeni ngati notisiyo inayenda mwa dongosolo.

Choyamba pitani ku banki komweko Lolemba. Inde ndikudziwa ndangokuuzani zomwe anandichita, koma pitani. Kalankhuleni ndi manijala, osati tiana ta pa desiki. Pemphani statement yonse muone zomwe akuwerengerani, chifukwa zilango za kuchedwa zimakhala zitabisala mmenemo. Pemphani akutalikitsireni zaka kuti ya pamwezi itsike. Mudzalipira zambiri pamapeto koma mukugona m'nyumba mwanu. Lembani kalata, adinde pa kope lanu. Chimene sichinalembedwe palibe. Akamakuzungulitsani, madandaulo a makasitomala a mabanki amalandiridwanso ku Reserve Bank.

Ngati nyumbayo ili kufupi ndi yunivesite ya Chanco, ana asukulu amasowa pogona chaka chilichonse, zipinda mutha kuikamo mabedi. Kungoti akatsekera, ndalama nayonso imatsekera, pomwe banki sidziwa holide.

Katapila ayi. Ayi ndithu. Mwezi umodzi wokha chiwongola dzanja chake chimaposa cha banki cha chaka, ndipo akakutengerani ndi mafiriji omwe. Banki m'khonde ingakuthandizeni kutseka mwezi umodzi kapena iwiri, osati ngongole ya nyumba, mungodana ndi amayi anzanu.

Ndipo ngati mwawerengera n'kuona kuti ndalama yolowa sikufika, gulitsani nokha nthawi ikadalipo. Zowawa, koma pa okushoni ogula amabwera kudzatola. Banki imayamba yachotsa ngongole yake, za maloya, za otsatsa malonda, inu n'kulandira zotsala ngati zilipo. Zikapanda kukwana, ngongole yotsalayo akulondolanibe, dzina lili kale ku credit reference bureau, komwe amasunga mbiri ya anthu angongole. Mukapeza wogula nokha, mogwirizana ndi banki poti deed ili kwa iwo, mumatsala ndi yogulira kapuloti ku Chinamwali kapena ku Thondwe n'kuyambiranso. Ine sindikanatha kugulitsa, bambo a ana anamanga okha asanatisiye, koma inu musatengere ine.

Funso limodzi: bambo akunyumba akudziwa za kalatayi? Chifukwa mwalemba mobisa dzina. Ngati sakudziwa auzeni usiku uno, asakamvere kwa anzawo ku bawo.