Yambani ndi nthano ya chitsime, aphunzitsi

Aphunzitsi, mwati ana anu amaloweza tanthauzo la kusintha kwa nyengo koma pofika mawa lake zonse zauluka, ndiye mukufunsa ngati nthano zingathandize. Zingathandize kwambiri, bola muzisankha mosamala.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi ija ya nyama zimene zinakumba chitsime m'chaka cha chilala, Kalulu n'kukana kukumba nawo, koma n'kumabwera mozemba kudzatunga, kusambamo ndi kuvundula madzi. Mukangoti "Padangokhala", iwo n'kuyankha kuti "Tili tonse", ngakhale wogona uja amadzuka. Ikatha, musawauze phunziro lake. Afunseni kuti amene wavundula madzi ndani, nanga amene akumwa matope ndani. Asiyeni akangane.

Pamenepo ndiye mulowetse sayansi. Dziko likutentha makamaka chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene anthu amawotcha m'mafakitale, m'magalimoto ndiponso popanga magetsi. Mpweyawu umatsekereza kutentha kuti kusamatuluke, ngati bulangete. Africa yense amatulutsa wosakwana magawo 4 pa 100 alionse a mpweya umenewu padziko lonse, koma chilala ndi madzi osefukira sizimusiya.

Apa ndipempheko, chifukwa zimandiwawa. Masewero ambiri a ana amathera poti mvula yavuta chifukwa tadula mitengo basi. Mitengo ndi yofunikadi, imagwira nthaka ndi kusunga madzi a m'mitsinje, ndipo ana adzale ndithu. Koma mwana asapite kunyumba akuganiza kuti mtolo wa nkhuni wa mayi ake ndi umene watenthetsa dziko lonse.

Chinanso, atumeni kwa agogo awo. Akatswiri a zanyengo amayang'ana zaka 30 pofuna kudziwa nyengo ya dera, ndipo agogo anaona zoposa pamenepo. Akafunse kuti kale mvula inkayamba liti, ndi mitsinje iti imene sinkaphwa, nanga ankaonera chiyani kuti mvula yayandikira. Mayankho akasiyana, aikeni pambali pa ziwerengero za mvula zolembedwa, ana aone okha pamene zikugwirizana. Zimene abweretsazo apeke nazo nyimbo kapena sewero lawolawo.

Ngati m'kalasi muli mwana amene madzi anamugwetsera nyumba kapena kumulanda m'bale wake, musamupatse mbali yosewera zomwezo. Mufunseni pa awiri, asankhe yekha chimene akufuna kuchita.