Mulanje amajambulika bwino mu Meyi

Achimwene, za nthawi yojambula phiri la Mulanje ine ndinganene kuti pitani mu Meyi, mvula itangosiya kumene, nkhalango ikadali yobiriwira komanso kumwamba kuli mbee. Mukadikira Seputembala kapena Okutobala mupeza utsi wa moto wa tchire ponseponse, ine ndaona Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, akungotuluka mbuu pa chithunzi olo kamera ikhale yodula bwanji. Juni ndi Julayi nakonso kuli chiperoni, chifunga chimatha kuphimba phiri lonse masiku angapo. Lawirirani mmamawa, anyani ndi mbalame zimakhala zili yakaliyakali, osaziyandikira ingogwiritsani zumu ya kamera yokokera zinthu pafupi basi. Koma zokwera ku Sapitwa, mamita 3,002 aja, musapite nokha ayi, katengeni gaidi pa Likhubula, mmunsi mwa phirili, anthu amasochera kumeneko nyengo ikasintha.