Mainasi wapatsogolo pa bulaketi akumugwetsa mwana wanga

FUNSO: Aphunzitsi, ndili kuno ku Rosettenville ku Johannesburg, mwana wanga wamkazi ali Grade 9 ndiye masamu ochotsera ma polynomial akumusowetsa mtendere. Anawapatsa (5x² + 3x − 2) − (2x² − 4x + 6) iye n'kupeza 3x² − x + 4 koma amuthetha. Ineyo masamu ndinawalekezera Fomu 2 ku Mangochi, ndimuthandiza bwanji? Ndine mayi wa ku Rosettenville.

YANKHO: Mayi musade nkhawa, mwanayu mutu ukugwira bwinobwino, ma x² wawaika paokha, ma x paokha, manambala paokha, ndipo zimenezo ndi zomwe zimavuta ana ambiri. Pomwe waterereka ndi pamodzi basi. Mainasi ali patsogolo pa bulaketi yachiwiriyo si wa 2x² yekha ayi, ndi wa aliyense amene ali mkatimo, ndiye akamatsegula bulaketi asinthe sayini ya onse atatu osasiyako ndi mmodzi yemwe: 2x² akhale −2x², −4x akhale +4x, +6 akhale −6. Iye anasintha woyamba yekha enawo n'kungowakopera mmene analili.

Mzere wonse aulembe kaye, asamachitire mumtima: 5x² + 3x − 2 − 2x² + 4x − 6. Akaphatikiza ofanana ipezeka 3x² + 7x − 8.

Akakufunsani kuti nanga −4x wasanduka bwanji pulasi, muuzeni za ngongole. Muli ndi ngongole ya R4 pa spaza ndiye mwini shopu wati basi ndaifufuta, simunalandire kanthu m'manja koma mwapindula R4 imeneyo. Kuchotsa ngongole n'kuwonjezera.

Tsono inuyo mutha kumamuchongera homuweki ngakhale aljebura munaiwala, ndipo apa ndikupemphani ndithu muzichita. Paliponse pali x ikani 1. Bulaketi yoyamba ikhala 5 + 3 − 2, ndi 6, yachiwiri 2 − 4 + 6, ndi 4, kuchotsera itsala 2. Ansala yolondola ija 3 + 7 − 8 ikuperekanso 2, pomwe yake ija 3 − 1 + 4 ikupereka 6, pompo mwadziwa kuti penapake pavuta. Zikagwirizana yesaninso poika 2 paliponse pali x chifukwa 1 nthawi zina amabisa zolakwika za mapawa, timanambala tapamwamba tija ngati ka 2 ka mu x².

Chinanso achenjere pamayeso, funso likati achotse A kuchokera mu B, woyamba kulemba ndi B, kenako mainasi, kenako A yense m'bulaketi.