Toledo ndi Segovia muli ndi mayi ovutika mawondo: tauni imodzi pa tsiku

Mmodzi mwa otiwerenga watumiza imelo iyi: "M'mwezi wa Julaye ndidzakhala ku Madrid ndi mayi anga. Tili ndi masiku awiri oti tione malo, Lamulungu ndi Lolemba. Ndaona makampani akutsatsa ulendo wa basi wopita ku Toledo ndi ku Segovia tsiku limodzi. Kodi titenge umenewo kuti tsiku linalo tipume? Mayi amavutika mawondo, komanso sadya nyama ya nkhumba."

Achemwali, ulendo umenewo usiyeni. Toledo ili kummwera kwa Madrid, likulu la dziko la Spain, makilomita pafupifupi 70, pomwe Segovia ili kumpoto chakumadzulo, kuseri kwa mapiri a Guadarrama, makilomita pafupifupi 90. Madrid ili pakati, ndiye maola ambiri amathera pamsewu, ndipo mukatsika wokuperekezani amayenda chothamanga kuti nthawi imukwanire. Amayi adzatsala m'mbuyo pachitunda choyamba. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pitani nokha pa sitima, Lamulungu ku Toledo, Lolemba ku Segovia, ndipo masikuwa musawatembenuze. Ku Toledo nyumba za boma zosungiramo zinthu zakale, monga Museo Sefardí ndi Museo del Greco, Lolemba zimakhala zotseka, pomwe nyumba yachifumu ya ku Segovia imatsegula ngakhale Lolemba.

Sitima ya ku Toledo imatchedwa Avant. Imanyamukira pa siteshoni ya Atocha ndipo imatenga mphindi pafupifupi 33. Tikiti iliyonse ili ndi nambala ya mpando, woimirira saloledwa, choncho mipando ikatha yatha. Gulani yopita ndi yobwerera pamodzi kudakali masiku, pa intaneti ya Renfe, kampani yoyendetsa sitimazi, chifukwa Lamulungu sitima zimachepa ndipo zamadzulo zimadzaza msanga. Zikwama zimadutsa pa makina ounikira, ndipo chipata amatseka kutatsala mphindi 2 kuti sitima inyamuke. Atocha ndi yaikulu, yosokoneza mlendo. Fikanipo kutatsala theka la ola.

Vuto la Toledo ndi phiri. Tauni yakaleyo inamangidwa pathanthwe lomwe mtsinje wa Tajo umalizungulira mbali zitatu, koma siteshoni ili kumunsi, kutsidya. Pamapu pamaoneka pafupi. Wa miyendo yabwino amayenda mphindi 20 kapena 25 kudutsa pa mlatho wa Alcántara n'kukwera, ndipo kulinso makwerero oyenda okha okafika nawo kufupi ndi bwalo la Zocodover. Amayi musawayese nazo zimenezi. Tengani takisi pakhomo pa siteshoni, muuze dalaivala kuti Paseo del Tránsito. Kumeneko ndi kudera lomwe kunkakhala Ayuda asanathamangitsidwe m'dzikomo mu 1492, ndipo malo anayi ofunika ali moyandikana.

Yambani ndi sunagoge wa El Tránsito, momwe muli Museo Sefardí, chifukwa Lamulungu amatseka 3 koloko masana. Anamumangitsa ndi Samuel ha-Leví, msungichuma wa mfumu Pedro I, cha m'ma 1357. Kunja kwake n'kosakopa, njerwa ndi miyala basi. Mukalowa, kwezani maso: khoma lakutsogolo ndi lozokotedwa maluwa ndi masamba m'pulasitala mwa luso la amisiri achiluya, mizere ya Masalimo m'zilembo za Chiheberi yazungulira m'mwamba, ndipo denga ndi la matabwa olukanalukana. Malo amenewa ndi ofunika kuwakhalira pansi, osangojambula chithunzi n'kutuluka. Kuchoka apo ndi mphindi zochepa kufika ku tchalitchi cha Santo Tomé, komwe kuli chithunzi chachikulu cha katswiri wojambula El Greco, choonetsa maliro a mkulu wa ku Orgaz, chomwe anayamba kujambula mu 1586. Mbali inayo kuli Santa María la Blanca, sunagoge wa zipilala zoyera yemwe anasandutsidwa tchalitchi, kenaka San Juan de los Reyes, komwe pakhoma lakunja pakulendewerabe maunyolo a akaidi achikhristu omwe anamasulidwa pa nkhondo za kummwera. Malo atatu omalizawa amalowa pa chibangili cha alendo, pulsera turística, chomwe chimakulowetsani malo 7. Ngati amayi angathe awiri okha, lipirani pakhomo paliponse. Katedralo sili pa chibangilicho.

Katedralo isungireni masana. Lamulungu m'mawa mumakhala mapemphero ndipo alendo amayamba kulowa cha m'ma 2 koloko. Izi zikukukomerani, chifukwa mu Julaye Toledo imatha kutentha kufika madigiri 40, ndipo m'kati mwa makoma amiyala amenewa, omwe anayamba kumangidwa mu 1226 n'kutha mu 1493, mumazizira bwino. Kuseri kwa guwa lalikulu funani malo otchedwa Transparente, pomwe mmisiri Narciso Tomé anaboola denga kuti kuwala kugwere pa ziboliboli za angelo. Mukatuluka, msewu wa Calle Comercio ukakufikitsani ku Zocodover, komwe mungakwere basi kapena takisi yotsikira ku siteshoni. Misewu yambiri ndi ya miyala yobulungira yomwe inasalala ndi mapazi, ndiye nsapato za zidendene zazitali kapena masilipasi zisiyeni kuhotela. Bondo limapweteka kwambiri potsika kuposa pokwera.

Segovia ndi yofewerapo. Sitima yake imanyamukira ku Chamartín, osati ku Atocha, ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Imatenga pafupifupi theka la ola kufika ku Segovia-Guiomar, siteshoni yomwe ili kutchire, makilomita angapo kunja kwa tauni. Basi nambala 11 imakutulani pafupi ndi ngalande ya madzi ya Aroma, yodutsa m'mwamba pa zipilala zamiyala. Ngalandeyi inamangidwa zaka pafupifupi 1,900 zapitazo ndi miyala ikuluikulu yongosanjikiza popanda matope kapena simenti, ndipo pa bwalo la Azoguejo ndi yaitali mamita 28 kupita m'mwamba. Yandikirani muone timaenje m'mbali mwa miyala, momwe zopanira zachitsulo zinkagwira poikweza. Kuchoka apo msewu wa oyenda pansi umakwera pang'onopang'ono mpaka ku Plaza Mayor ndi katedralo, pafupi ndi pomwe Isabel analengezedwa kukhala mfumukazi ya Castilla mu 1474, kenaka n'kutsetsereka kukafika ku Alcázar. Nyumba yachifumuyi inapsa mu 1862 n'kukonzedwanso. Zipinda zake amayi angazione bwinobwino, koma nsanja ya Juan II ili ndi masitepe 152 opapatiza ozungulira. Pogula tikiti nenani kuti ya amayi ikhale yopanda nsanja.

Tsopano za chakudya. Nkhomaliro kumeneko ndi cha m'ma 2 koloko mpaka 4, ndipo mgonero suyamba isanakwane 8:30. Malesitilanti ambiri moto amazimitsa pakati pa nthawi ziwirizi, ndiye mukachedwa mudzangopeza buledi woika kanthu pakati, kawirikawiri nyama yomwe amayi sadyayo. Lolemba funsani menú del día: mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi chotsekemera pa mtengo umodzi. Madzi a pampopi ndi abwino, ndipo mukati "agua del grifo" lamulo la 2022 limati akupatseni ulere.

Nkhumba ili ponseponse, ndipo nthawi zambiri siionekera. Chakudya chotchuka cha Segovia, cochinillo, ndi kamwana ka nkhumba kootcha. Nyemba zikuluzikulu za judiones amaziphika ndi chorizo, soseji ya nkhumba, ndi khutu la nkhumba. Carcamusas wa ku Toledo ndi nkhumba yophika mu tomato. Ma croquetas ambiri, omwe ndi timibulu tokazinga, muli jamón, nyama ya mwendo wa nkhumba youmitsa, ndiwo zamasamba amathanso kuwazamo tizidutswa take, ndipo makeke ena monga mantecados amapangidwa ndi mafuta a nkhumba. Kungoti "sin cerdo" (popanda nkhumba) sikukwanira, chifukwa operekera zakudya ena jamón samuwerengera. Lembani papepala kuti "No come cerdo, ni jamón, ni chorizo, ni manteca" (sadya nkhumba, jamón, chorizo kapena mafuta a nkhumba) n'kumawaonetsa. Ku Segovia itanitsani cordero lechal, kamwana ka nkhosa kootcha mu uvuni wa nkhuni, komwe kawirikawiri amagulitsa chigawo chokwanira anthu awiri. Ku Toledo kuli nkhwali yophika, perdiz estofada, ndi mazapán wopangidwa ndi maamondi ndi shuga, yemwe amasungika bwino ngati mukufuna konyamulira abale kunyumba.