Ndazolowera Armored Core, kodi BattleTech ya patebulo ingandikome?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo. Akuti wakhala akusewera Armored Core VI, masewera a pa kompyuta omenyanitsa maloboti ankhondo, chitulukireni mu 2023, ndiye mnzake akumukakamiza kuti ayese BattleTech ya patebulo, masewera a maloboti ankhondo oseweredwa pa mapu ndi madayisi. Akufunsa kuti: "Kodi sindikawodzera poponya madayisi, ine wozolowera kuuluka ndi kuwombera mosapuma?"

Achimwene, yesani ndithu, koma liwiro lija mulisiye pakhomo. Armored Core, yomwe kampani ya FromSoftware inaiyambitsa mu 1997, imayesa changu cha zala zanu. BattleTech inatuluka mu 1984 kuchokera ku kampani ya FASA, ndipo kukoma kwake kuli pa kulemera kwa chimakinacho. Maloboti ake amayambira matani 20, ngati Locust, mpaka matani 100, ngati Atlas, ndipo sitepe iliyonse pa mapu imafuna kuiganizira.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi nkhani ya kutentha. Tengani Warhammer, loboti ya matani 70 yokhala ndi mizinga iwiri ya PPC. Mzinga uliwonse ukalira umawonjezera kutentha ndi 10, kuthamanga kumawonjezera 2, pamene zoziziritsa zake zimachotsa 18 yokha pa ulendo uliwonse. Mdani ali patsogolo panu, mwamulasa kale, mtima ukuti womberani zonse. Koma mukachita zimenezo kangapo motsatizana, loboti imayamba kuyenda mokoka miyendo, kulondolera mfuti kumavuta, zipolopolo zomwe mwanyamula zitha kuphulikira m'kati, ndipo kutentha kukafika 30 injini imazima yokha. Mumangoti njo pakati pa nkhondo, anzanu akukusasantha. Maganizo amenewa, oti ndiwombere kapena ndidikire, ndiwo masewerawo.

Palinso pepala la loboti yanu. Lili ndi timadontho toimira zitsulo zoteteza mkono, mwendo, chifuwa ndi mutu, ndipo mukalasidwa mumatidetsa ndi pensulo kamodzikamodzi. Kuona mkono wonse utatha ndi dzanja lanu lomwe kumawawa kuposa kungoona mzere wa moyo ukutsika pa sikirini. Ndiye pali nambala 12: mumaponya madayisi awiri kuti muone pomwe mwalasa, ndipo akagwa onse pa 6, chipolopolo chapita kumutu. Zimachitika kamodzi pa maulendo 36, koma ngati mfuti yake inali mzinga waukulu wa AC/20, woyendetsa wapita pomwepo, ngakhale Atlas yake inali isanakandike n'komwe.

Kuchedwa kulipodi, sindikunamizani. Maloboti anayi mbali iliyonse atha kukudyerani madzulo onse. Choncho yambani ndi Beginner Box, bokosi la oyamba kumene la kampani ya Catalyst Game Labs, loboti imodzi inu, ina mnzanuyo. Zikakukulirani, malamulo a Alpha Strike, mtundu wosavuta wa BattleTech yomweyi, ndi ofulumira, ngakhale amachepetsa zambiri zomwe ndatchulazi.

Mukafuna kulawa kaye musanagule kanthu ka patebulo, BattleTech ya pa kompyuta ya 2018, yopangidwa ndi Harebrained Schemes, imaseweredwa mosinthana ndipo kutentha kuja kulimo. MechWarrior 5, ina ya pa kompyuta ya maloboti omwewa, imakukhazikani pampando wa woyendetsa weniweni, ndiye ili pafupi ndi zomwe mwazolowera, koma sidzakuphunzitsani kudekha komwe patebulo pamafunika. Ine ndingakutumizeni ku ya 2018 ija poyamba.